Ndege ya m'katoni imene idathamangitsira ababa ku bango

Madalitso, bwera nayo kuno foni yakoyo ndione bwino. Usaiyandikitse kumphuno kwanga, maso awa amaona zakutali. Eya, ndi yomweyo. Mapiko awiri, ena pamwamba ena pansi, pakati pali timitengo ngati thandala loyanikapo usipa. Ukuti anthu amagula tizidutswa take m'katoni n'kumalumikiza okha kunyumba, ndiye ukuyesa wabwera ndi zachilendo kuchokera ku Lilongwe kwakoko? Ine ndege imeneyi ndidaigwirapo ndi manja awa, amayi ako ali khanda, ndipo idatsala pang'ono kutiphera amayi akowo. Chisomo, siya kusenda chinangwacho, ungadzicheke. Khalani pansi ana inu, nkhaniyi siifuna munthu woimirira.

Ababa anga, a Zakeyu, inu simudawaone. Kuno ku Senga Bay anthu ankawatchula kuti a Kopolo, chifukwa ali mnyamata adatengedwa kupita ku nkhondo ya azungu, mpaka ku dziko lotchedwa Abisiniya, kumene ankamenyana ndi Mataliyana. Adabwerako ine ndisanabadwe. Musaganize kuti anali munthu waukali ngati asilikali a m'mafilimu anu aja. Anali ofatsa, olankhula motsitsa, bondo limodzi lotsimphina. Ankaluka miono yogwirira nsomba, ankalima mpunga kudambo. Za kunkhondo sankazitchula, ngakhale pamowa. Chokhacho chimene tinkaona n'chakuti mbale yachitsulo ikagwa pansi ankadzidzimuka mpaka kutaya chimene agwira, ndipo mvula ya mabingu ikamabwera ankakalowa pansi pa nkhokwe. Ife ana tinkaseka chobisa, tinkati ababa amaopa mphenzi kuposa nkhuku.

Agogo anu aamuna, a Lufeyo, kwawo kunali ku Khombedza. Masiku ano mumakwera minibasi, mukatsika n'kukwera kabaza, n'kumadandaulabe kuti msana wapweteka. Iwo ankabwera wapansi kudzandifunsira, nsapato zili m'manja kuopa kuti zingathe, n'kudzazivala atafika pa mtengo wa mlambe uja pafupi ndi mudzi. Titakwatirana adakhala kuno kwathu chikamwini. Inu simudziwa chikamwini chenicheni. Lero mkamwini amafika n'kukhala pampando wa apongozi, n'kupempha kuti amutchajire foni. Nthawi yathu mkamwini akaona apongozi aakazi akubwera ankapatukira kutchire. Apongozi aamuna ankalankhula nawo ali chapatali, atanyonyomala, maso pansi. A Lufeyo ankawalemekeza ababa mpaka kuwaopa, makamaka chifukwa cha usilikali uja.

Patapita nthawi adapita ku Joni kukagwira ntchito kumigodi, monga ankachitira anyamata ambiri. Pobwerako anali ndi bokosi lachitsulo: bulangete la amayi, jekete la ababa, nsalu zanga, ndi wailesi imene mudzi wonse unkabwera kudzamvera mpaka mabatire kutha. Pansi penipeni pa bokosilo panali kakatoni kamene sadaonetse munthu wina koma ine. Pamwamba pake adajambulapo ndege ya mapiko awiri itaima pa dothi lofiira, pambali pake pataima asilikali akuda ngati ife, mfuti zili paphewa.

"Taona, mayi," adatero a Lufeyo. "Mwini sitolo adandiuza kuti iyi ndi ndege ya Mataliyana imene Angelezi adailanda pankhondo. Si nkhondo ya apongozi imeneyi? Mwina mmodzi wa awa ndi iwowo. Ndidzaimanga ndekha, ndidzawapatse."

Ine nditatsegula ndidangoona tizidutswa totuwa tomangirirana ngati minga ya chambo. Ndidati, "Inu, akunamizani. Ndege ili kuti muno?"

Kakatoni kaja kadakhala m'bokosi nthawi yaitali, popeza tinali kumanga nyumba. Kenako adabadwa Esinati, amayi anuwa. Ababa adamukonda mwanayo moti anthu ankawaseka. Ankamutcha mkazi wanga, monga amachitira agogo ndi mdzukulu. Akamachokera kudambo, dzuwa lisanafike pamutu, ankayamba adzera kwathu, kusamba m'manja, kumunyamula n'kumamuimbira timanyimbo topanda mutu. Adatipatsanso chigawo cha munda wawo wa mpunga, ati mwana asadzagone ndi njala. Apa m'pamene a Lufeyo adati nthawi yothokoza yakwana.

Ntchito yomanga ndegeyo inali yoseketsa, ana inu. Munthu wa zala zokhuthala, zozolowera chitsulo cha kumgodi, akulimbana ndi kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga. Akabwera kunyanja masana ankalowa m'nyumba, chitseko n'kutsekako pang'ono kuti anthu asaone. Ankadula tizidutswato ndi lezala, guluu ankapaka ndi munga wa kampango. Fungo la guluuyo linkandizunguza mutu. M'katonimo munali pepala la zithunzi losonyeza kuti ichi chilowe apa, icho apo, koma phiko lapamwamba lidawavuta zedi. Akati aliimike pa timitengo tija, linkapendekera uku, akakonza uku linkagwera uko, iwo n'kumatukwana m'Chilapalapa cha kumigodi kuti ine ndisamve. Tsiku lina kawilo kadagwera pansi, tidasesa nyumba yonse ndi manja, kenako tidakapeza kataphatika ku chigongono chawo.

Itatha adaipaka penti wachikasu ngati mchenga, ndi mawangamawanga obiriwira. Munalinso timapepala tonyowetsa m'madzi tokhala ndi zizindikiro. Adasankha zija za Angelezi, zozungulira ngati diso la nsomba, zofiira pakati, ati chifukwa ndiyo ndege yolandidwa. Kunena zoona inali yokongola. Chozungulira cha kumphuno kwake ukachipemerera chinkazungulira ndithu.

Tsono mkamwini sangapite kwa apongozi n'kuwatambasulira dzanja ngati mnzake. A Lufeyo adaganiza zoipachika pakhonde ndi ulusi wa ukonde, kuti ababa pobwera kudzaona mdzukulu aipeze okha, iwo n'kumaonera chapatali. Ine ndidavomereza. Tonse tidaona ngati nzeru.

Inali nyengo yokolola mpunga, mwera utangoyamba kuwomba. M'mawa umenewo ndidamugoneka Esinati pamphasa pakhonde, ine n'kupita kuseri kwa nyumba kukasinja mpunga. Inu mumangodziwa mpunga wa m'pepala wochokera kuchigayo, ife tinkausinja mumtondo mpaka manja kutuluka matuza. A Lufeyo adakhala pafupi ndi nkhokwe, akunamizira kusoka ukonde. Masiku amenewo maboti a injini anali atangoyamba kumene kuoneka kugombe kuno, ndipo panthawi yomweyo wina adaliza injini yake kumadzi, mphepo n'kubweretsa phokosolo kumudzi.

Ndidamva kukuwa. Sindidazindikire kuti ndi ababa, chifukwa mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo chibadwire. Ndidataya munsi n'kuthamangira kumaso kwa nyumba. Pamphasa panalibe mwana. Khasu la ababa linali pansi pabwalo. Ndege ija inkagwedezeka pa ulusi wake, mphuno italoza pamphasa, chakumphunocho chikuzungulira ndi mwera. A Lufeyo anali chiimire, ukonde uli m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Mwana ali kuti?"

"Apongozi... adziponya pansi, akwawa chamimba, amutenga. Athamangira kudambo."

Ndidayang'ana n'kuwaona chapatali, munthu wotsimphina uja akuthamanga chowerama, akukhotera uku ndi uku ngati gwape wothawa agalu, mwana atamukumbatira pachifuwa. Kenako bango lidawameza.

Anthu adayamba kusonkhana, anyamata ena atatenga kale zibonga ndi zingwe. Amayi anga adafika akupuma movutikira. Atangoona chopachikidwa pakhondecho adagwira pakamwa.

"Mayo, zabweranso," adatero. "Atangobwera kunkhondo ankachita zomwezi. Musawathamangire gulu! Akaona anthu ambiri adzayesa adani, adzalowa m'madzi akuya. Apite munthu mmodzi."

A Lufeyo adati apite iwo. Tsiku limenelo amayi adaiwala zoti ndi apongozi, adawayang'ana m'maso n'kuti, "Inu ayi. Mawu anu sadawazolowere. Apite mwana wawo. Inu tengani mkondo mukaime m'mphepete mwa bango."

Mkondowo unali wa ng'ona. Dambo lija limene pano amangako malo ogona alendo silinali choncho kale. Linali bango lalitali kuposa denga, madzi osaoneka pansi, ndipo chaka chomwecho ng'ona inali itagwirapo mbuzi ya oyandikana nawo masana dzuwa likuswa mtengo. Ife akazi tinkafika m'mphepete mokha. Ine ndidalowa.

Madzi adayambira m'mawondo, kenako m'chiuno. Matope ankandigwira mapazi ngati pali munthu akundikoka. Bango linkandicheka m'manja ndi kumaso, misundu ikundikakamira m'miyendo, koma zonsezo ndidadzaziona pambuyo. Chimene chinkandiopsa n'chakuti mwana sankalira. Esinati anali wolira, ukangomudzidzimutsa pang'ono mudzi wonse unkadziwa. Tsopano munthu wathamanga naye chonchija, koma kuli zii. Ndinkaima, kugwira mpweya, kumvetsera. Ndinkangomva mwera m'bango ndi injini ija ikulira kutali kunyanja. Ndinkafuna kuitana, koma ndinkaopa kuti ndiwathamangitsira patsogolo. Ndinkangotsata bango lothyoka. Penapake ndidapeza kachipewa kaulusi kamene ndidamulukira kakuyandama. Ndidagwira bango kuti ndisamire.

Ndili pomwepo ndidamva kunong'ona kwaukali.

"Gona pansi! Jailosi, gona pansi, chitsiru iwe!"

Ababa anali pa kachulu ka matope pakati pa bango, atagona chammbali, thupi lawo litaphimba mwana. Dzanja lawo lalikulu lija linali pakamwa ndi pamphuno pa Esinati. Ndinkangoona timiyendo take tikupalasa, koma mofooka, ngati nkhuku yoti yazingidwa kale. Chapafupi ndi mapazi awo matope anali osalala, otsetserekera m'madzi, ndipo aliyense wobadwira kunyanja amadziwa chimene chimasalaza matope chotero.

Mtima udandiuza kuti ndiwalumphire ndilande mwana. Koma nditaona maso awo ndidadziwa kuti sakundiona ine. Anali munthu wamphamvu, ndipo tikadalimbana mwana akadagwera m'madzi kapena akadamufinya zolimba. Ndidagona m'matopemo chamimba, n'kuyamba kukwawa pang'onopang'ono.

"Ababa, ndine Nabanda."

"Chete! Imabwera kawiri. Ikadutsa imakatembenuka. Usadzutse mutu."

"Ababa, mwanayo sakupuma."

"Akalira itimva. Ukuimva? Ikubwera."

Ankanena injini ija. Timiyendo ta Esinati tidapalasa kamodzi, n'kusiya. Ana inu, sindidziwa kumene mawu adachokera, chifukwa m'mutu mwanga munalibe kanthu. Ndidangomva pakamwa panga pakunong'ona monga iwo.

"Zoona, a Kopolo, akalira itimva. Dzanja silitseka mwana pakamwa, alirabe. Ndipatseni ndimuyamwitse. Akakhala kubere salira."

Adandiyang'ana, kenako adayang'ana kumwamba, kenako mwana. Nthawi imeneyo ndimaikumbukira ngati chaka chathunthu. Kenaka adachotsa dzanja, n'kumukankhira kwa ine m'matopemo mosadzutsa mutu.

Mwana anali lobodo, milomo itatuwa. Ndidamugwedeza, ndidamupemerera kumaso, ndidamumenya kumsana. Palibe. Ndidaika pakamwa panga pa mphuno yake n'kuuzira monga ndidaonera azamba akuchitira khanda lobadwa chete. Adatsokomola, n'kutulutsa kulira kumene sindidzakuiwala.

"Mutseke pakamwa!" adatero ababa, dzanja likubweranso.

Ndidatembenuka kuwapatsa msana, n'kumuika kubere. Poyamba adakana, akubanika, kenako adagwira. Tidagona choncho m'matope, ine, mwana ndi ababa, dzanja lawo litandikanikiza mutu kuti ndisadzuke. Maso anga anali pa madzi aja pansi pa matope osalala. Kamodzi bango lidagwedezeka kumeneko mosiyana ndi mmene mphepo inkaligwedezera, ndipo madzi adachita timafunde. Sindidziwa ngati inali ng'ona kapena mlamba. Ndidatseka maso n'kupemphera chamumtima kuti mwini botilo afike kumene akupita.

Injini ija idazimirira. Ndidadikirabe pang'ono, kenako ndidati, "Yapita, Ababa. Yatembenuka kale kachiwiri, yapita."

Dzanja lidafewa pamutu panga. Adadzuka n'kukhala tsonga, akuyang'ana bango ngati munthu wodzuka kutulo ta masana.

"Nabanda? Ukutani kuno ndi mwana? Sudziwa kuti kuno kuli ng'ona?"

Ndidangomufungatira mwana. Adamuyang'ana Esinati. M'masaya mwake munali mutadindika zala, zinayi mbali iyi, chachikulu mbali inayo. Adayang'ana dzanja lawo, n'kuliyang'ananso. Adatsogola kutithyolera bango mpaka kumtunda, adadutsa a Lufeyo ndi mkondo wawo, adadutsa anthu onse aja, n'kukalowa m'nyumba mwawo.

A Lufeyo anali atalira mpaka maso kutupa. Adaitsitsa ndege ija kuti aiponde, koma amayi adawaletsa, ati chinthu chikapweteka munthu suchitaya wopwetekedwayo asananene. Adaikulunga m'thumba n'kuibisa kudenga. Mwana tidapita naye kuchipatala ku Salima tsiku lomwelo, ine pakaliyala wa njinga yobwereka, ndipo adati ali bwino. Koma kwa nthawi yaitali ndinkadzidzimuka ndili pantchito, kuthamangira kukaika khutu pamphuno pake.

Ababa adatha masiku osatuluka. Atatuluka adaitanitsa a Lufeyo, ndipo adawauza kuti akhale pamphasa imodzi ndi iwo, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Ine ndidakhala pakhomo.

"Bwera nachoni chija ndichione."

A Lufeyo adazengereza, koma adakatenga. Ababa adachilandira ndi manja awiri. Adachitembenuza, adayang'ana pansi pake, adayang'ana mawangamawanga aja.

"Mwaimanga bwino," adatero. "Ndi yomweyo. Simudaphonye kanthu."

Tsiku limenelo ndi lokhalo limene adalankhula za nkhondo. Adati Jailosi anali mnzawo wa ku Chitala, adakwera naye sitima limodzi, ankagona naye bulangete limodzi. Tsiku lina adatumidwa awiri kukatunga madzi kuchitsime, pamalo opanda mtengo ngakhale umodzi. Ndege yotere idatulukira mmunsi kwambiri, moti adaona nkhope ya woyendetsa. Idawombera n'kudutsa, onse awiri ali moyo. Jailosi adadzuka akuseka, akuti yatiphonya. Ababa adamukuwira kuti agone. Ndege idatembenuka.

"Ndidamunyamula ndekha kubwerera naye," adatero. "Madzi ndidawasiya konko."

Adati patapita miyezi adalanda bwalo la ndege la Mataliyana, n'kupezapo ina yangwiro. Asilikali akuda ndiwo adauzidwa kuti aikankhire pamthunzi, aitsuke. Azungu adafuta zizindikiro zake n'kupakapo zawo zozungulira zija, akuseka, akujambulitsa pambali pake. Kenako mzungu wina adaikwera n'kuiulutsa pamwamba pa msasa, anzake akuwomba m'manja.

"Ankati tsopano ndi yathu. Koma kulira kwake kunali komweko. Ine adandipeza pansi pa galimoto, ndadzinyowetsa ngati mwana."

A Lufeyo adagwada, ati apongozi ndikhululukireni, ndinkafuna kukulemekezani. Ababa adati, "Ndikudziwa, mwana wanga. Mukadadziwa bwanji, ine osanena?" Adawabwezera ndege ija. M'mawa mwake a Lufeyo adaimangirira kumwala, adapalasa bwato kupita pakuya, n'kuisiya kumeneko pamodzi ndi katoni yake.

Mukuyesa zidathera pomwepo. Ababa sadamunyamulenso Esinati. Sadanyamulenso mwana wina aliyense, ngakhale amalume anu amene adabadwa pambuyo. Mwana akamakwawira kwa iwo ankakhalira manja awo, kuwapanikiza pansi pa ntchafu, n'kumamulankhula choncho. Ndidayesa kuwaika mwana pamiyendo, ankadzuka n'kuchoka. Pochokera kudambo ankadzerabe kwathu, koma ankaima pabwalo, osakwera pakhonde, n'kufunsa funso limodzi.

"Nabanda, mkazi wanga uja akupuma?"

"Akupuma, Ababa."

Akatero ankapita. Esinati adayamba kuyenda, adayamba kulankhula, funso lili lomwelo. Atakula ankayankha yekha akuseka, "Ndikupuma, agogo!" Ankayesa ndi nthabwala ya nkhalamba, ndipo ife tidamusiya aziganiza choncho.

Ababa adadwala matenda awo omaliza Esinati ali namwali, akuphunzira ku Salima, akukhala kwa achibale. Maso anali atachita khungu. M'mawa wina ndikuwamwetsa phala adandifunsa funso lija, ine n'kuyankha monga mwa masiku onse. Adakankha supuni.

"Wamuona wekha?"

Ndidati ayi, ali kusukulu. Adayamba kuvutika pamphasa, akufuna kudzuka, akupapasa khoma. A Lufeyo adakwera njinga kukamutenga. Atafika naye masana, Esinati adagwada pafupi n'kufuna kuwagwira dzanja, koma iwo adalibweza n'kulibisa m'bulangete.

"Usandigwire. Ingoyandikira. Inu nonse khalani chete."

M'nyumba mudati zii. Esinati adaweramira pafupi ndi khutu lawo, akupumabe mwamphamvu chifukwa cha ulendo ndi kulira. Ababa adamvetsera nthawi yaitali, maso ali kudenga. Kenako adati, "Eya. Basi."

Adamwalira dzuwa lisanapendeke, manja ali m'bulangete momwemo.